Mphindi 10 za phee tsiku lililonse: kayambidwe kake ndi zimene zimazilepheretsa

Nkhawa ikakhalitsa imaonekera m'thupi mwini wake asanaivomereze. Khosi limauma, mutu umawawa cha kunkhongo, tulo timatha 2 koloko usiku, ndipo mwana akangogwetsa kapu mawu amatuluka aukali kuposa mlandu wake. Gwero lake mumalidziwa nokha: fizi, lendi, katapila, wodwala kumudzi, geni yosayenda. Kukhala phee kwa mphindi 10 sikulipira chilichonse mwa zimenezi. Ntchito yake n'kukhazika thupi pansi kuti mutu upeze mpata woganiza molongosoka, ndipo phindu lake limaoneka pokhapokha zikamachitika tsiku ndi tsiku.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kamene kamatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Ubongo ukaona zoopsa umatumiza uthenga kumeneko. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, shuga amachuluka m'magazi, ndipo ntchito yogaya chakudya imayamba yaima. Zonsezi zimapulumutsa munthu amene wakumana ndi njoka panjira ya kumunda. Tsoka lake n'lakuti thupi limachitanso zomwezo likaona meseji ya mwini nyumba, ndipo ngongole sichoka pakatha mphindi ziwiri, mumagona nayo n'kudzuka nayo. Mbali ina ya mitsempha, imene waukulu wake ndi mtsempha wa vagus, ndiyo imabweza zinthu m'malo mwake. Mtima simungaulamule kuti uchepetse liwiro, koma mpweya mungathe, ndipo nthawi iliyonse imene mukutulutsa mpweya mtima umachepetsa liwiro pang'ono. N'chifukwa chake zambiri zimene zili m'munsimu zagona pa kutulutsa mpweya mosafulumira. M'zaka za m'ma 1970 dokotala wa mtima wa ku Harvard, Herbert Benson, anayeza anthu okhala chete akubwereza liwu limodzi, n'kupeza kuti kugunda kwa mtima ndi kupuma zimatsika. Iye ankalangiza mphindi 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri patsiku.

Chimene chimapha chizolowezichi msanga ndi mawu akuti "ndikapeza mpata". Mpatawo subwera wokha. Sankhani chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, kaya mwakondwa kaya mwakwiya, Lolemba ndi Lamulungu lomwe, ndipo nthawi yacheteyo ibwere pambuyo pake penipeni. Lamulo lake likhale lalifupi: ndikatereka madzi osamba, ndikhala pampando wa pakhonde. Musalimangirire ku koloko. Muno mu Zomba kunja kumayera cha m'ma 5 koloko mu Disembala, pomwe mu Juni dzuwa limatuluka itakwana kale 6 ndipo bulangete limakoma. Amene ananena kuti "5 koloko" amasiya chisanu chikangoyamba, koma madzi osamba amaterekedwabe.

M'mawa ndi nthawi yabwino kwa ambiri chifukwa zosokoneza zimakhala zisanadzuke, koma si kwa onse. Mayi amene amalawirira kukapikula tomato kuti akagulitse kumsika wa Mpondabwino alibe mphindi zoseweretsa m'bandakucha. Kwa iye pabwino ndi madzulo akangosamba, asanagwire mphika. Namwino, mlonda kapena wapolisi wa shifiti ya usiku amangirire nthawiyo ku kudzuka kwake, kaya ndi 2 koloko masana. Wophunzira wokhala ku Chikanda, amene chipinda amagawana ndi anzake, angachite bwino kufika m'kalasi mphindi 10 anzake asanabwere. Msilamu amene amadzuka kale pa swala ya m'bandakucha, kapena Mkhristu wa pemphero la m'mawa, ali ndi mwayi: angotsala pamkeka pomwepo akamaliza.

Pali chenjezo limodzi limene sindifuna lidutse mwachangu. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo. Musakhale phee pafupi ndi mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha ndi wosaoneka, ndipo zizindikiro zake zoyamba, mutu wolemera ndi kusinza, munthu angazione ngati ndiko kukhazikika kumene akufuna. Mbaula ikhale panja, inu mufunde chitenje kapena juzi.

Malo akhale amodzimodzi masiku onse. Mpando womwewo, ngodya yomweyo. Pakapita masabata thupi limazolowera, ndipo mapewa amayamba kugwa mukangokhala pamenepo. Pabedi ayi, chifukwa mugona. Ambiri amaganiza kuti bata lili ku Ku Chawe kapena m'mbali mwa damu la Mulunguzi, ndipo n'zoona kuti kumeneko mtima umatsika, koma phiri simungalikwere tsiku lililonse musanapite ku ntchito. Kumeneko pitani mukapeza Loweruka labwino, makamaka ndi mnzanu. Ogwira ntchito m'maofesi oyandikira Botanic Gardens angagwiritse ntchito mthunzi wa kumeneko nthawi ya nkhomaliro. Ena tonse, khonde la kuseri kwa nyumba likukwanira. Madzulo m'nyengo ya mvula valani zofika m'mapazi, poti udzudzu suchitira chifundo munthu wokhala duu.

Tsopano nkhani ya apabanja, imene malangizo ambiri ochokera kunja saikhudza n'komwe. Kwathu kuno munthu akakhala yekha osalankhula amafunsidwa. Mwakwiya? Mukudwala? Takulakwirani chiyani? Apongozi akakuonani mwakhala kuseri kwa nyumba mutatsinzina, nkhani ifika kutali dzuwa lisanalowe. Choncho nenani tsiku loyamba lisanafike, ndipo nenani poyera: "Amuna anga, m'mawa uliwonse ndikatereka madzi ndizikhala pakhonde mphindi 10 osalankhula. Sindinakwiye ndi aliyense, ndikufuna mutu uzipepuka." Kwa ana: "Ana inu, mukandiona pampando uwu dikirani ndidzuke, pokhapokha wina akavulala." Ana a zaka 5 kapena 6 amamva lamulo lotere likakhala losasintha, ndipo ena amabwera kudzakhala pambali n'kumatsanzira. Asiyeni. Wa khanda asankhe nthawi yoyamwitsa, kapena apatsane mpata ndi mnzake wa m'nyumba: uyu mphindi 10, uyo mphindi 10. Abambo, mpata umenewu amayi sangaupeze ngati inu simunyamula mwana.

Phokoso lisakuletseni. Ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi simudzapeza zii weniweni: tambala, wayilesi ya aneba, njinga zamoto za kabaza, chigayo. Chimene mukufuna n'chakuti inuyo musalankhule, musawerenge, musamvere pulogalamu, musagwire ntchito. Phokoso la kunja lingodutsa.

Kachitidwe kake ndi aka. Khalani pampando mapazi onse ali pansi, msana wowongoka koma wosaumitsa, kapena pamkeka mutatsamira khoma. Manja pamiyendo. Masulani lamba kapena chitenje ngati chathina pamimba. Lekanitsani mano pang'ono, chifukwa anthu ankhawa amaluma mano osadziwa, ndipo mutu wa m'mbali mwa makutu nthawi zina umachokera pamenepo. Maso mungatsinzine kapena kuyang'ana pansi, mita imodzi kutsogolo kwanu. Ikani dzanja limodzi pamchombo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima 1 mpaka 4, ndipo dzanja lija likwere pomwe mapewa ali phee. Tulutsani mukuwerenga 1 mpaka 6, ndi mphuno kapena pakamwa potsegula pang'ono. Kupuma kumodzi kotere ndi masekondi 10, kutanthauza ka 6 pamphindi. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka 20 pamphindi, ndiye mukuona kuti mwatsitsa ndi theka kapena kuposa. Ngati 4 ndi 6 zikukubanikitsani, yambani ndi 3 ndi 4. Chofunika n'chakuti kutulutsa kutalike kuposa kukoka.

Nthawi muziyeza ndi njere, osati ndi foni. Tengani njere 30 za chimanga kapena nyemba, muziike m'kapu. Mukatulutsa mpweya kamodzi, chotsani njere imodzi n'kuiika pambali. Kapu ikatha, mphindi 5 zakwana. Njere 60 ndi mphindi 10. Amene muli ndi kolona kapena tasbih muli nacho kale chowerengera. Njira imeneyi ndimaikonda pa zifukwa ziwiri: zala zimapeza chochita, ndipo foni imatsala m'nyumba. Foni ikakhala pafupi, ngakhale yozimitsa mawu, dzanja limapita lokha, ndipo uthenga umodzi wa pagulu la WhatsApp la maliro kapena la banki m'khonde ndi wokwanira kudzutsa zonse zimene mumafuna kugoneka. Ngati simungachitire mwina koma alamu ya pafoni, zimitsani data, sankhani kulira kofatsa, ndipo foniyo muiike poti mpaka mudzuke kuti muifike. M'mawa musaitsegule musanakhale phee. Mukayamba ndi mauthenga, mphindi 10 zija zithera kuyankha anthu chamumtima.

Masabata awiri oyamba, mphindi 5 zokha. Zikumveka zochepa, ndipo ambiri amafuna kuyamba ndi theka la ola, koma oterowo amasiya sabata isanathe chifukwa theka la ola limafuna tsiku labwino. Mphindi 5 zimalowa ngakhale tsiku loipa. Sabata yachitatu kwezani kufika pa 10, ndipo mungakhale pamenepo mpaka kalekale. Amene akufuna zambiri awonjezere kachiwiri madzulo m'malo motalikitsa za m'mawa.

Mukangokhala, maganizo ayamba kuthawa. Njere yachitatu isanachoke mudzapezeka muli ku sukulu ya mwana, kwa a katapila, kapena mukukangana ndi munthu amene anakulakwirani chaka chatha. Apa ndi pamene ambiri amati "izi si za ine, mutu wanga sukhala chete", n'kusiya. Palibe mutu umene umakhala chete. Maganizo ali ngati mbuzi ya pachingwe: ipita ndithu kumene kuli msipu, ndipo ntchito yanu n'kuikoka mofatsa kuti ibwerere, osaimenya. Mukazindikira kuti mwapita, nenani chamumtima kuti "ndaganiza", kenako bwererani ku mpweya ndi njere yotsatira. Mukachita zimenezi ka 20 pa mphindi 5 simunalephere, chifukwa kubwererako ndiko mukuphunzira, ndipo ndi luso lomwelo limene lidzakuthandizeni 2 koloko usiku. Kudzikalipira kumangowonjezera adrenaline. Ena manambala amawatopetsa. Oterowo asankhe mawu aafupi obwereza potulutsa mpweya, a pemphero kapena wamba, monga "mtima m'malo". Akhale omwewo masiku onse.

Pali maganizo ena amene sabwerera ngakhale muwakoke bwanji, chifukwa ndi enieni ndipo ubongo ukuopa kuti muiwala. Amenewa apatseni pepala. Musanakhale pampando, tengani mphindi 3 kulemba m'kope zonse zimene zikukudyani. Lembani mzere pakati: kumanzere zimene mungachitepo kanthu lero, kumanja zimene simungazisunthe lero. Pa chilichonse cha kumanzere lembani sitepe imodzi yooneka. Osati "nkhani ya fizi" ayi, koma "10 koloko ndikaonana ndi a hedi, ndikapemphe kulipira kawiri". Za kumanja zisiyeni pamenepo, mudzazionanso mawa. Tsekani kope. Ganizo likabwera mkati mwa kupuma, liyankheni kuti lalembedwa. Kope limeneli lisungeni pobisika, poti mukadziwa kuti wina aliwerenga simulemba zoona.

Amene nkhawa imawagwira m'minofu kwambiri, monga opalasa njinga, osoka pa makina, ndi okhala pa kompyuta tsiku lonse, angawonjezere njira imene dokotala wa ku America, Edmund Jacobson, anayambitsa m'zaka za m'ma 1920. Fumbatani zibakera masekondi 5, masulani masekondi 15 mukumvetsera kusiyana kwake. Kwezani mapewa kufika m'makutu, masulani. Chitani chimodzimodzi ndi nkhope, mimba, ntchafu ndi zala za kumapazi. Zonse zimatenga mphindi 3 kapena 4, ndipo zimakoma madzulo musanagone. Musaumitse mpaka kupweteka, musagwire mpweya pofumbata, ndipo pamene pali bala kapena povulala padumpheni.

Chizungulire ndi dzanzi m'zala kapena m'milomo zimabwera mukamakoka mpweya wambiri mwamphamvu. Mukatero mumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyeso, ndipo mitsempha ya magazi ya ku ubongo imafinyika pang'ono. Mankhwala ake n'kusiya kuwerenga, kupuma mwa masiku onse kwa mphindi imodzi, kenako kuyambanso ndi mpweya wochepa. Musadzaze chifuwa mpaka kumapeto. Kupuma kwabwino n'kwakachetechete, woti wokhala pambali panu asakumveni.

Kusinza tsiku lililonse kukutanthauza kuti muli ndi ngongole ya tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Tsegulani maso, khalani osatsamira, ndipo musachite mutangodya nsima. Onaninso tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija: pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chimene chili mu zakumwazi, limakhala likadali m'magazi, choncho kapu ya 5 koloko madzulo ikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa mtima umadzuka ukuthamanga. Amene amati botolo ndiyo nthawi yawo yopumula ayese masiku 7 opanda botolo akuchita za njerezi, aone okha kusiyana kwa m'mawa.

Vuto lina ndi lolemera, ndipo limafuna ulemu. Anthu ena akatsinzina m'malo mwa bata amaona zimene anadutsamo: ngozi ya pamsewu, nkhanza, imfa ya mwana, madzi a namondwe Freddy wa mu 2023. Ena akamamvetsera mpweya wawo mantha amakula, mtima n'kuyamba kugunda ngati uphulika. Zikatero musadzikakamize. Tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, tchulani zinthu 5 zimene mukuona, 4 zimene mukumva m'makutu, 3 zimene zikukhudza khungu lanu. Masiku otsatira nthawi yanu yachete ikhale yoyenda pang'onopang'ono pabwalo mukuwerenga mapazi, maso ali otsegula. Zithunzizo zikamabwerabe, nkhaniyo ikufunika munthu wophunzira za uphungu, osati khonde lokha.

Nanga mukadumphitsa tsiku? Kudzabwera maliro, alendo, ulendo wa ku Jali kapena ku Lilongwe. Kafukufuku amene Phillippa Lally ndi anzake anachita ku University College London, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chiyambe kuchitika chokha, ena 18, ena mpaka 254, ndipo kudumphitsa tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Choncho zimene zimamveka zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21 musazidalire, ndipo mukafika mwezi zikadali zokakamiza musadabwe. Choopsa ndi masiku awiri otsatizana, chifukwa lachitatu limabwera mosavuta. Pa masiku osokonekera khalani ndi kachidutswa kosalephereka: kupuma ka 6, mphindi imodzi yokha, kaya muli m'minibasi, pamzere wa kuchipatala kapena kuseri kwa nyumba ya siwa. Chongani pa kalendala tsiku lililonse limene mwachita, ngakhale la mphindi imodzi. Musabweze ngongole pochita mphindi 30 mawa lake.

Musaweruze ndi mmene mwamvera tsiku limodzi. Masiku ena mudzadzuka pampando mutapepukidwa, ena mudzadzuka monga munakhalira. Yezani pakatha masabata 3 kapena 4: mukugona msanga? Mukadzuka usiku tulo tikubweranso? Mwakalipa kangati sabata ino? Mapiritsi a mutu mwamwa kangati? Funsaninso a m'nyumba, iwo amaona msanga kuposa inu. Okonda manambala angagwire mtsempha wa padzanja cha kumbali ya chala chachikulu, kuwerenga masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri, asanayambe ndi atamaliza. Mtima wa munthu wamkulu wongokhala umagunda ka 60 mpaka 100 pamphindi.

Pali zinthu zimene mpando wa pakhonde sungathe. Amene mukumwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV musasiye ngakhale mutamva bwino chotani. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ikufuna achipatala. Kupweteka pachifuwa kofika kudzanja kapena kunsagwada, kubanika, kufooka mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka, zimenezi n'zothamangira nazo ku Zomba Central Hospital nthawi yomweyo, osayamba mwawerenga njere. Ngati gwero la nkhawa ndi kumenyedwa kapena kuopsezedwa m'nyumba, kupuma sikunapangidwe kuti muzipirira nkhanza. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, yotchedwa Victim Support Unit.

Ndipo ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mtima uli wosweka pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, chakudya sichikulowa, ntchito ikukanika, pitani kuchipatala cha pafupi nanu, monga cha Matawale, mukafotokoze. Maganizo ofuna kudzipha ndi a tsiku lomwelo: uzani munthu amene mumamukhulupirira, akuperekezeni, ndipo mankhwala a mbewu ndi zina zoopsa azichotse m'nyumba. Ambiri muno timaopa dzina la Zomba Mental Hospital ngati kuti kupita kumeneko n'kutha, chonsecho ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, ndipo ena amachita kuchokera kutali kudzapeza thandizo limene ife tili nalo pakhomo. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa, ndi kalendala ija. Mukawauze kuti zinayamba liti, mukugona maola angati, mukumwa mowa wochuluka bwanji, ndi zimene mwayesa kale.